MTRR kapena PAT: mugwire iti kompyuta ikamakwawa pa Linux?

Makompyuta akale ogulitsidwa ku Katondo Street ndi ku Town Centre mu Lusaka amakonda kuonetsa vuto ili mukawonjezera RAM kapena mukasintha khadi la zithunzi: sikirini imajambula ngati ikukoka mwendo, kapena RAM ina imangosowa. Nthawi zambiri gwero lake ndi mmene purosesa yauzidwira kusunga chigawo chilichonse cha memory mu cache, yomwe ndi memory yaing'ono yothamanga ya purosesa, ndipo pa mapurosesa a x86, a Intel ndi AMD, zida zouzira zimenezi ndi ziwiri: MTRR ndi PAT.

MTRR (Memory Type Range Registers) ndi yakale, inabwera ndi Pentium Pro mu 1995. Amaitchera ndi BIOS, pulogalamu ya pa bodi yoyatsa makina, kernel (mtima wa Linux) isanadzuke. Malejisita ake osinthika, omwe ndi malo mu purosesa olembapo chigawo chimodzichimodzi cha memory, ndi ochepa, 8 pa mapurosesa ambiri, 10 pa ena a Intel. Kukula kwa chigawo kuyenera kukhala kochita kuwirikiza kawiri kawiri, monga 256MB, 512MB, 1GB, ndipo adiresi yoyambira igawike ndi kukulako. Ndiye 3GB imadya malejisita awiri, 2GB ndi 1GB. BIOS yosasamala imawamaliza onse, dalaivala wa zithunzi n'kusowa pokhala, dmesg, lamulo loonetsa mauthenga a kernel, n'kulemba kuti "no more MTRRs available".

PAT (Page Attribute Table) inabwera ndi Pentium III, ndipo Linux inayamba kuigwiritsa ntchito mu 2.6.26, mu 2008. PAT imaika mtundu wa kasungidwe pa tsamba lililonse la memory la 4KB, choncho za kutha kwa malejisita palibe. Madalaivala amakono amapempha write-combining, kuphatikiza zolemba zing'onozing'ono kuti zipite pamodzi mwachangu, kudzera mwa iyo.

Ambiri amasokonezeka apa: ziwirizi zimagwira limodzi. MTRR ikati uncachable (osadutsa mu cache), PAT n'kuti write-combining, chotsatira ndi write-combining, ndiye sikirini yapulumuka. Koma MTRR ikati uncachable pa RAM yeniyeni, PAT n'kuti write-back (kugwiritsa ntchito cache mokwanira), uncachable ndiyo imapambana. PAT singachiritse RAM yomwe BIOS yaiphonya. N'chifukwa chake kernel imangoidula RAM imeneyo ndi uthenga woti "CPU MTRRs don't cover all of memory", chifukwa kuigwiritsa ntchito popanda cache kungakwawitse makina onse.

Musanasinthe kanthu, onani kaye. Lembani cat /proc/mtrr, muone ngati RAM yonse ili write-back. Kenako dmesg | grep -i -e mtrr -e pat. Zimene PAT yagawa zili mu /sys/kernel/debug/x86/pat_memtype_list.

RAM ikasowa, mankhwala enieni ndi BIOS yatsopano, kapena kukonza za memory remap mu BIOS momwemo. Musaike BIOS yatsopano magetsi ali pafupi kuthima. Ikadukira pakati, bodi ikhoza kufa. Malejisita akatha, ikani enable_mtrr_cleanup mtrr_spare_reg_nr=1 mu /etc/default/grub, muthamangitse update-grub. Izi zimafuna kernel yomangidwa ndi CONFIG_MTRR_SANITIZER.

Kulemba pamanja ndi kwa makina opanda PAT basi. Pezani chigawo cha prefetchable cha khadi ndi lspci -v, kenako monga root: echo "base=0xd0000000 size=0x10000000 type=write-combining" > /proc/mtrr. Kukulako ndi 256MB, adiresi muike yanu. Mukalozera pa malejisita a khadi m'malo mwa framebuffer (memory ya zithunzi), malamulo amafika mosalongosoka ndipo makina amauma. Ubwino wake, mukayatsanso zimafufutika.

Nanga nopat, mawu ouza kernel kuti izimitse PAT? Ndi yoyesera chabe. Vuto likatha mutaiyika, mwadziwa kuti wolakwa ndi dalaivala kapena purosesa yakale. Mukaisiya ikugwirabe ntchito, mwabwerera ku malejisita 8 aja, ndipo khadi lamakono limataya liwiro.