Made in Japan ya Deep Purple pa mbale za vinyl za magalamu 180: nyenyezi 4 mwa 5

Amene munakula mukumvera gulu loimba rock la Deep Purple pa kaseti yotopa, mbale izi zikubwezerani zomwe kasetiyo inkameza. Besi ya Roger Glover ikumveka payokha, ndipo ogani ya Hammond ya Jon Lord, yomwe ankaidutsitsa mu ampulifaya ya Marshall, ikubangula ngati gitala yachiwiri pambali pa ya Ritchie Blackmore. Martin Birch anajambula nyimbozi pa makonsati a ku Osaka pa 15 ndi 16 Ogasiti 1972, ndi ku holo ya Budokan ku Tokyo pa 17. Ndi mbale ziwiri, nyimbo zisanu ndi ziwiri basi, ndipo Space Truckin' yokha yatenga mbali yonse yachinayi, mphindi pafupifupi 20.

Mukamva mawu akuthetheka, musanathamangire kunena kuti mbale ndi yowonongeka, yang'anani kaye makina anu. Mayeso enieni ali kumapeto kwa mbali yoyamba, pomwe Ian Gillan amakuwa mu Child in Time. Mbale imazungulira ka 33⅓ pa mphindi paliponse, koma kunja mzere umadutsa pansi pa singano masentimita pafupifupi 50 pa sekondi, pamene chapakati ndi 20 chabe. Mawu okwera amakhala atapanikizana pamalo ochepa, ndiye singano ikakhala yopendekera pang'ono, kukuwa kuja kumasanduka kuthetheka ngati mafuta pamoto.

Mankhwala ake ndi awa. Wongolani katiriji, kabokosi kogwira singano kunsonga kwa mkono wa makina, ndi protractor, kapepala koyezera, kuti singano igwere ndendende pa timadontho take tiwiri. Kulemera kwa singano yezani ndi kasikelo ka digito, osadalira manambala a pa cholemetsa cha kumbuyo kwa mkono. Makatiriji ambiri a mtundu wofala wa moving magnet amafuna magalamu 1.8 mpaka 2.2, koma tsatani za pa pepala la katiriji yanu, kenako anti-skate, yomwe imaletsa mkono kukokera chapakati pa mbale, muyiike pa nambala yomweyo. Ambiri amapepuza singano poganiza kuti akusunga mbale. Ayi ndithu. Singano yopepuka imanjanja mu mzere nkumakanda m'mbali, ndipo chilonda chimenecho sichipola. Singano ya nsonga yozungulira, ya conical, imavutika kwambiri chapakati. Ya nsonga yooneka ngati dzira, ya elliptical, imayesetsa, koma ikadutsa maola 300 mpaka 500 muzisintha.

Pa The Mule, pomwe Ian Paice amatsala yekha ndi ng'oma, mupeza vuto lina ngati masipika ali patebulo limodzi ndi makina. Kunjenjemera kumabwerera ku singano, pamamveka kung'ung'uza, nthawi zina singano nkudumpha. Masipika akhale pawokha.

Za magalamu 180 zisakukomereni m'khutu. Kukhuthala sikukometsa mawu, kumangopangitsa mbale kukhala yolimba m'manja, ndipo ikasiyidwa padzuwa kapena chogona pansi pa zinzake imapindika ndithu. Muziisunga choimika.

Nyenyezi imodzi yachoka chifukwa cha kalongedzedwe. Wogulitsa anatumiza mbale zili m'kati mwa chikuto, ndipo pogwedezeka m'njira m'mphepete mwa mbale munang'amba msoko wa m'munsi. Pooda muziuza wogulitsa kuti atulutse mbale nkuziika pambali pa chikuto. Timatumba tam'kati ndi tapepala wamba, timasiya fumbi ndi magetsi a static, motero mbale yatsopano imathetheka isanayimbidwe nkomwe. Itsukeni ndi madzi a distilled, ochotsedwa mchere wonse, osati apampopi omwe amasiya mchere m'mizere, iwume yokha choimika, ndipo musanayimbe muzidutsitsa burashi ya carbon fibre ikuzungulira kawiri kapena katatu. Timatumba sinthani muike tokhala ndi pulasitiki m'kati.

Zonsezi zikachitika, Gillan ndi Blackmore akamayankhana mawu ndi gitala mu Strange Kind of Woman, mumamva ngakhale Gillan akukoka mpweya asanakuwe komaliza.