Beseni lothirira chitsulo ndi masefa ake: mmene zagwirira ntchito ku Luchenza kuchokera dzinja lapitalo

Mvula ya chaka chatha itangoyamba ndinalemba za zipangizo ziwiri zimene ndinaitanitsa ku Johannesburg kuti tizigwiritsa ntchito pa ng'anjo yathu kuno ku Luchenza, zomwe ndi beseni lothirira chitsulo lokhala ndi kakhoma mkati ndi chotsekera cha graphite (zakuda zonga za m'kati mwa pensulo) chotseka bowo lotulukira, komanso masefa a dothi lootcha amene amaikidwa m'njira ya chitsulo mkati mwa chikombole. Nthawi imeneyo ndinayamikira zonse ziwiri mofanana. Tsopano zadutsa m'dzinja, m'chiperoni ndi m'chilimwe, tikuumba mapule a zigayo, zosungira ma bearing, ziwalo za makina a m'mafakitale a tiyi ndi miphika ya aluminiyamu, ndipo ndikutha kunena motsimikiza kuti beseni ndi lofunika pa ntchito iliyonse, pamene sefa imabweza ndalama zake pa ntchito zochepa chabe.

Nzeru ya beseni ili inachokera ku mafakitale akuluakulu kumene chitsulo chimaumbidwa mosalekeza, njira imene lero imatulutsa chitsulo choposa magawo 90 mwa 100 alionse padziko lapansi. Kumeneko chitsulo chosungunuka, chotentha kupitirira madigiri 1,500, sichithiridwa mwachindunji m'chikombole, koma chimayamba chalowa m'chotengera chapakati chotchedwa tundish. Nthawi yovuta kwambiri ndi pamene tundish ili yopanda kanthu ndipo ikuyamba kudzazidwa, chifukwa chitsulo chimamenya pansi, chimathovoka ndi kumeza mpweya, ndipo okosijeni amakumana ndi aluminiyamu amene ali m'chitsulocho n'kupanga timibulu tolimba timene timatseka mpopi wotulukira kapena kukakhala m'kati mwa chitsulo chomalizidwa. N'chifukwa chake amaika mbale yokhala ndi milomo pamene mtsinje wa chitsulo ukugwera kuti mphamvu yake ithere pomwepo, amamanga timakoma tochedwetsa ulendo wake kuti litsiro lipeze nthawi yoyandama, amateteza mtsinjewo ndi mpopi komanso mpweya wa argon, ndipo chotsekera sachitsegula mpaka chitsulo chitakwera kufika pa mlingo woyenera. Beseni lathu ndi laling'ono moti munthu mmodzi amalinyamula, koma likuchita zomwezo, kupatula argon.

Zimene zimachitika pothira n'zosavuta kuziona. Wothira amalunjikitsa chikho chonyamulira chitsulo chosungunuka pa dzenje la beseni lopanda bowo pansi, chitsulo chimadzaza dzenjelo, chimakwera kakhoma mwakachetechete n'kuzungulira chotsekera, ndipo mnzake wogwira chotsekera amadikira mpaka pamwamba patadekha, litsiro litasonkhana m'mbali, kenaka n'kuchizula kamodzi. Kuyambira pamenepo beseni siliyenera kuphwa mpaka chikombole chitadzaza. Kale tikamathira mwachindunji pa bowo la chikombole pankamveka kaphokoso ka mpweya ukumezedwa, koma ndi beseni kaphokoso kaja kanatha, ndipo khutu lakhala chida changa choyamba chodziwira ngati kuthira kwayenda bwino. Katswiri wa ku yunivesite ya Birmingham, John Campbell, anaonetsa kuti chitsulo chosungunuka chikathamanga kuposa theka la mita pa sekondi, kakhungu ka pamwamba pake kamapindikira mkati, ndipo liwiro limenelo limakwana chitsulo chikangogwa mamilimita pafupifupi 13. Beseni silingachotse kugwa konse, koma limaonetsetsa kuti njira yotsikira yadzaza ndi chitsulo chokhachokha kuyambira sekondi yoyamba, malinga njirayo ikhale yopapatiza kumunsi. Pa zikombole zimene njira yake inali yofanana pamwamba ndi pansi, phindu la beseni linachepa kwambiri.

Umboni weniweni umapezeka pa lathe, makina osendera chitsulo. Pule ya chigayo imatha kuoneka yosalala ikamatuluka mumchenga, koma mpeni ukangosenda mamilimita awiri pamatulukira timabowo ndi timizere takuda, ndipo mwini chigayo wa ku Thyolo boma kapena ku Chonde sangalandire pule yoteroyo. Chiyambireni kugwiritsa ntchito beseni, zobwerera ku ng'anjo zachepa moonekeratu, ndipo makala ndi nthawi zimene tinkataya posungunulanso ndi zimene zabweza mtengo wake.

Kutha kwa beseni kwayambira pa kakhoma. Chitsulo cha cast iron, chimene timathira pa madigiri pafupifupi 1,400, chadya mutu wa kakhomako mpaka kutsika, ndipo kakatsika chitsulo chimalumpha m'malo mokwera modekha, choncho takhala tikukamata ndi dothi losapsa ndi moto lomwe timamatira ng'anjo. Chotsekera cha graphite chimanyeka pang'onopang'ono pakhosi, pamene chimakumana ndi mpweya chili chofiira, ndipo chikapyapyala chimayamba kudontheza chitsulo nthawi isanakwane. Madontho amenewo amauma m'njira n'kusanduka timipira tolimba mkati mwa pule. Wogula aitanitsiretu zotsekera zingapo. Pa aluminiyamu, amene amasungunuka pa madigiri 660, beseni silinaonetse kutha kulikonse, ngakhale ndikulangiza kukhala ndi mabeseni awiri kuti zotsalira za chitsulo china zisalowe mu chinzake.

Chinthu chimene ogulitsa sangachidziwe ndi chinyezi cha kuno kwathu. Mu Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta phiri la Mulanje mpaka kuno, dothi la beseni ndi masefa zimamwa chinyezi usiku umodzi wokha, ndipo chitsulo chamoto chikagwera pa chinthu chonyowa chimaphulika n'kumwazikira anthu. Ngakhale chisaphulike, aluminiyamu amamwa haidirojeni wochokera m'chinyezicho n'kutuluka ndi timabowo tosawerengeka. Tinakhazikitsa lamulo lakuti beseni likhale pakamwa pa ng'anjo mpaka litatentha ndithu lisanaikidwe pa chikombole, ndipo masefa amagona m'chitini chotseka pafupi ndi moto. Mafakitale akuluakulu nawonso amayamba atenthetsa tundish asanathiremo chitsulo, ndipo ena amafunditsa pamwamba pake phulusa la mankhusu a mpunga kuti kutentha kusathawe, nzeru imene takhala tikuitengera pa chikho cha cast iron popeza mankhusu sasowa ku zigayo za mpunga.

Za masefa, amene ndinagula ndi a mabowo 10 pa inchi. Sefa imagwira mchenga wogumuka ndi litsiro, komanso imafatsitsa chitsulo chisanalowe m'chikombole, ndipo pa ziwalo zokhuthala zimene zikasendedwe pa lathe kusiyana kwake kumaoneka. Koma iliyonse imagwira ntchito kamodzi kokha, imagulidwa ndi ndalama zakunja, ndipo ina imafika itanyenyeka m'makona, zomwe n'zoopsa chifukwa chidutswa chake chikathothoka chimakakhala m'chitsulo momwemo. Pa miphika sefa inatibwezera m'mbuyo, popeza imabera aluminiyamu kutentha ndi liwiro, ndipo khoma la mphika ndi lopyapyala moti chitsulo chimauma chisanafike kumlomo. Ndinaonanso kuti wothira akadodoma n'kulola beseni kuphwa, sefa siithandiza kanthu, chifukwa mpweya umene wamezedwa pamwamba umadutsa m'mabowo ake.

Pa oda yotsatira ndaika beseni lachiwiri la aluminiyamu yekha ndi zotsekera zapadera, ndipo masefa ndachepetsa kuti akwanire mapule ndi ziwalo za makina a tiyi basi. Kwa mnzanga wa ng'anjo yaing'ono amene ndalama zikumukwanira chimodzi chokha, ayambe ndi beseni, ndipo ngati nalonso lamukanika mtengo, angathe kusema dzenje ndi kakhoma komweko mumchenga wa pamwamba pa chikombole, bola mchengawo ukhale wotsendereka bwino ndi wouma.