Miyezi khumi chikonzereni AC ya Fielder yanga

AC (makina oziziritsa mpweya) ya galimoto yanga ndinaitulukira kuti yafa mu Okutobala chaka chatha, ndikutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti. Kuno ku Dedza munthu umatha mwezi wathunthu osaiyatsa, choncho inkafooka ine osadziwa. Nditafika kuchigwa, fani inkazungulira bwinobwino koma mpweya wake unali wofunda ngati wapanja.

Ndinathiritsa gasi kawiri pagalaja ina. Koyamba inaziziritsa milungu itatu, kachiwiri masiku khumi sanakwane. Ndalama zimenezo zimandiwawabe, chifukwa palibe anandiuza kuti gasi wa AC sapsa ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otseka: kompuresa imamupopa, kondensa ya kutsogolo kwa rediyeta imamuchotsa kutentha, kenako amakaziziritsa mpweya kuseri kwa dashibodi n'kubwereranso. Akachepa ndiye kuti pali pomwe akuthawira, ndipo kuthira wina n'kutungira madzi m'dengu.

Kumapeto kwa Novembala ndinapita kwa makaniko wina pa Ntcheu boma. Nditamufotokozera anati, "Achimwene, tisathire kaye. Tiyambe tapeza pobooka." Atalumikiza mageji anaona kuti gasi watsala wochepa kwambiri, n'chifukwa chake kompuresa sinkagwira. Pali kaswitchi kamene kamaidula gasi akachepa, poti mafuta a kompuresa amayenda limodzi ndi gasiyo, ndipo ikamazungulira youma imaphwanyika. Anathira utoto wapadera pamodzi ndi gasi pang'ono woti kompuresa igwire, tinayenda pang'ono, n'kuwunika ndi tochi ya UV, yomwe imawalitsa utotowo pomwe watulukira. Pangodya ya m'munsi ya kondensa panawala mobiriwira, pomwe mwala unalasa. Malowo anali kale ndi fumbi lonyowa ndi mafuta, chizindikiro chomwe ndikanatha kuchiona ndi maso anga ndikanachidziwa. Karabala kena ka polumikizira paipi kanali katauma gwa.

Tinasintha kondensa, timarabala ndi chowumitsira chinyezi. Chomwe chinandikhazika mtima pansi n'chakuti sanapupulume. Anayamwa mpweya wonse ndi pampu kwa theka la ola, n'kuzimitsa, n'kudikira kuti aone ngati muvi wa geji ubwerera. Sunasunthe. Apo m'pamene anathira gasi wa mtundu wa R134a poyeza pasikelo, motsatira magalamu olembedwa pachomata cha pansi pa boneti. Anati gasi wopyola muyezo amalemetsa kompuresa ndipo saziziritsa bwino.

Kuyambira tsiku limenelo sindinawonjezere gasi ngakhale kamodzi. Koma phindu lalikulu ndinaliona nthawi yomwe sindinkaganizira, m'dzinja ndi m'nyengo yachisanu. Amene amayenda m'mawa mu Juni ndi Julayi pa M1, pakati pa Bembeke ndi Lizulu, akudziwa momwe nkhungu imatsekera msewu, galasi lakutsogolo n'kuchita nthunzi mkati. Kale ndinkapukuta ndi kansalu dzanja lina lili pachiwongolero, pamsewu wodzaza njinga zonyamula mbatatesi ndi kabichi. Pano ndimayatsa AC pamodzi ndi hita n'kulozetsa mpweya pagalasi. AC imachotsa chinyezi, galasi limayera posakhalitsa, ife mkati tikufundidwa. Kuiyatsa nthawi yozizira kumathandizanso kuti mafuta azizungulira, timarabala tisaume, choncho sabata siitha osaiyatsa kwa mphindi khumi.

Vuto linabwerapo limodzi. Mu Epulo mpweya unayamba kutuluka mofooka ndiponso ukununkha chinyontho, mtima wanga n'kudumpha kuti zayambiranso. Inali sefa ya mpweya ya kuseri kwa kabokosi ka kutsogolo kwa pasinjala, itadzaza fumbi ndi timasamba. Ndinasintha ndekha popanda sipanala. Madzi odontha pansi pa galimoto ikaima nawonso anandiopsa poyamba, koma ndi chinyezi chomwe AC yachotsa mumpweya.

Petulo imadyako mowonjezera, zimenezo n'zoona, ndipo pokwera Khwekhwerere nditanyamula anthu ndimaizimitsa kuti injini ipume. Potsuka galimoto ndimauza anyamata kuti athire madzi pakondensa mofatsa, chifukwa tizitsulo take timapindika msanga.

Sabata yatha, popita ku Balaka, ndinaima kwa makaniko uja kuti awunikenso ndi tochi yake. Panalibe pobiriwira paliponse. Ndinadutsa pa Chingeni dzuwa lili paliwombo, mawindo onse otseka, mwana wanga kumbuyo akupempha kuti ndichepetseko kuzizira.