Kabaza wa njinga yamagetsi pa Chitakale, zili bwanji?

Anthu a ku Mulanje, pa Chitakale pali achimwene ena a kabaza omwe akuyendetsa njinga yamoto yamagetsi, yosamwa petulo ija, ndiye ndati ndikuuzeni momwe ndikuionera. Phokoso ilibe, mumacheza ndi oyendetsa bwinobwino osakuwa, utsinso palibe. Magiya ilibe, akangopotoza chogwirira basi yanyamuka, ndiye poyambira gwirani zolimba amayi. Msewu wa ku Likhubula imakoka ndithu olo mutanyamula thumba la zinanazi kumbuyo.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi mtengo. Mafuta akasowa anzawo amagula a m'zigubu modula kenako nkutikwezera ife okwera, koma iwowa mtengo sasintha, mumangowaitana pa WhatsApp akubwera, kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba, zokanganirana chenji palibe.

Vuto ndi batire basi. Magetsi akazima usiku, m'mawa mwake amakana maulendo ataliatali ngati ku Muloza poopa kuthera panjira, ndipo zitunda za m'minda ya tiyi zimadya batire msanga kwambiri. Komanso poti ndi yachete oyenda pansi saimva, tsiku la msika hutala imangolira njira yonse, apa asamale ndithu pali ana.

Ine ndikanakonda patakhala malo osinthira batire, kusiya yakutha kutenga yodzadza. Ku Bondo kuli kale magetsi a kampani ya MEGA ochokera mumtsinje wa Lichenya, bwanji osayambira kumeneko?