Mmisiri wa mumsika wa Mzuzu amene anafewetsa katochi kanga ka pamakiyi

Katochi kamene ndimayenda nako pamakiyi n'kotalika ngati chala cha mkombaphala, kamalowa batire limodzi la AAA, ndipo kalibe batani. Pofuna kukayatsa umapotokola mutu wake, pofuna kukazimitsa umaubweza pang'ono. Ndakhala nako zaka zitatu, ndipo kwa ine amene ndimakhala ku Chiputula komanso ndimaweruka kuntchito kutada, ndiko kamandiunikira pobaya kiyi paloko ya pageti ndi polambalala zithaphwi m'njira magetsi akazima. Mvula ikupita kumapeto mutu wake unayamba kulimba, ndipo pofika mu Juni, kukuzizira monga kumazizirira kuno ku Mzuzu, zala zinkangoterereka osatha kuutembenuza, mpaka ndinkachita kuugwira ndi nsonga ya chitenje.

Ndinapita nako kwa bambo wina wachikulire amene amakonza mawotchi, mawailesi ang'onoang'ono ndi matochi pakabenchi kake mumsika waukulu wa mumzinda uno. Ndinatenganso katochi ka mwana wanga, kamene kanali katamangiratu. Ndikulemba za ntchito ya bamboyu chifukwa anthu ambiri amataya timatochi totere poganiza kuti tatha, pamene vuto lake n'laling'ono, malinga wokonzayo akhale wodziwa poyambira.

Chinthu choyamba chimene ndinaona n'chakuti sanathamangire pulayazi, ngakhale inali pafupi ndi dzanja lawo. Anadula kachidutswa ka chubu chakale cha njinga, n'kukulunga mutu wa katochiko, chidutswa china n'kukulunga thunthu lake, kenaka anapotokola ndi manja mpaka mutu unakhwefuka. Anandifotokozera kuti timatochi tambiri totere timapangidwa ndi aluminiyamu, chitsulo chofewa, ndipo khoma la mutu wake n'lopyapyala kwambiri, moti mano a pulayazi akangoufinya umasiya kukhala wobulungira ndipo sudzayendanso bwino pamazinga, timizere tozungulira timene mutuwo umamangirapo, ngakhale upakidwe girizi wotani. Atatsegula, anapukuta mazingawo ndi kansalu koyera, ndipo kanatuluka kakuda bii, konata.

"Amayi, munathirapo mafuta anji apa?" anandifunsa motero. Ndinawauza kuti mutu utayamba kulimba ndinadonthezapo mafuta ophikira, ndipo kanafewa kwa masabata angapo kenaka n'kulimba kuposa kale. Anati ndi mmene mafutawo amachitira: akakhala pamphepo amasanduka phula, n'kugwira fumbi la m'thumba, ubweya wa nsalu ndi tizidutswa ta chitsulo timene timaperepeseka mazinga akamakhudzana tsiku ndi tsiku. Kuda kwa kansalu kuja kwakukulu kunali aluminiyamu yemweyo.

Apa mpofunika kufotokoza mmene siwichi yamtunduwu imagwirira ntchito, pakuti ndi pamene pali luso la mmisiriyu. M'timatochi tambiri ta LED, kumanga mutu kumatseka kampata kamene kali pakati pa batire kapena mlomo wa thunthu ndi kambale ka magetsi kamene kali m'kati mwa mutuwo, ndipo mphamvu ya batire, imene ndi mavoti 1.5, imadutsa m'thunthu lenilenilo la tochi. Maglite Solitaire, katochi ka ku America kamene kanatuluka mu 1988 ndipo n'kodziwika kwambiri pa timatochi ta pamakiyi, kamayenda mosiyana, chifukwa iko kamayaka ukakhwefula mutu ndipo kamazima ukaumanga. Kaya ndi njira iti, mazinga amenewa amagwira ntchito kangapo patsiku, pamene mazinga a tochi ya batani amatembenuzidwa posintha mabatire pokha. Pansi pa mazinga pamakhala kamphete ka labala, kamene amisiri amati O-ring, kotchinga madzi kuti asalowe. Kamphete aka kakauma, kakafufuma kapena kakapindika m'ngalande yake, ndiko kamagwira mutu kwambiri kuposa mazinga.

Bamboyo anatola kamphete kaja ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, kuopa kukang'amba. Anatsuka mazinga a mbali zonse ziwiri ndi mswachi wakale woviika mu sipiriti, napukuta mobwereza mpaka nsalu inasiya kuda, ndipo anatsukanso ngalande ya kamphete. Kambale ka m'kati mwa mutu ndi mlomo wa thunthu anazipukuta ndi thonje, n'kuzisiya zouma. Atatero mpamene anatulutsa kabotolo ka girizi wa silicone, natapa wochepa kuposa njere ya mpunga, n'kumupaka pakamphete ndi pamazinga. Ndinadabwa ndi kuchepa kwake, koma anati girizi akachuluka amalemeretsa mutu, makamaka nyengo yozizira pamene amakhuthala, ndipo wotsala amasefukira pamalo podutsa magetsi, tochi n'kumaphethira. Anamanga ndi kumasula mutu kangapo kuti girizi afalikire, anapukuta amene anatulukira kunja, ndipo katochi kanayamba kutembenuka ndi zala ziwiri, koma osakhwepa moti n'kuyaka kokha m'thumba. Ntchito yonse sinakwane theka la ola, ndipo ndalama imene anatchula inali yochepa kuposa ya katochi katsopano ka mtundu womwewo.

Ndinawafunsa za vaselini, poti ndi amene amapezeka m'nyumba iliyonse. Anayankha kuti labala ali mitundumitundu, ndipo vaselini, pokhala wochokera ku mafuta a m'nthaka, amafufumitsa mitundu ina ngakhale ina amaisiya bwinobwino. Popeza mwini tochi sangazindikire ndi maso labala amene ali m'katochi kake, iwo sapaka vaselini. Anawonjezera chinthu chimene chinandisonyeza kuti salankhula zongomva: ngati kamphete n'kopangidwa ndi silicone, kamene kawirikawiri kamakhala kofiira, girizi wa silicone ndiye amakafufumitsa. Kanga kanali kakuda, ndipo kanali kadakali kamoyo.

Katochi ka mwana wanga sikanatheke, ndipo mmene anachitira nako ndi chifukwa china chimene ndikuwayamikirira. Ndi kaja kotchipa kolowa timabatire ta LR41, tooneka ngati mabatani a malaya. Atakwanitsa kukatsegula, m'kati munali nkhungu yoyera youma, chizindikiro chakuti batire linatulutsa madzi. Madzi a batire la alkaline ali ndi potassium hydroxide, amene amadya aluminiyamu. Anaviika thonje mu viniga n'kupukuta, nkhunguyo inachita thovu n'kuchoka, koma pansi pake mazinga anali atadyeka, ndipo ena anali atakwerana chifukwa mwanayo ankaumiriza mutu utalowa mopendama. Anandibwezera n'kunena kuti, "Aka musawonongerepo ndalama, amayi, kayaka lero koma mawa kamanganso." Pa kameneka sanalandire kanthu. Anandichenjezanso kuti viniga ndi wa mabatire a alkaline okha, pakuti mabatire otchipa a zinc-carbon amatulutsa madzi a asidi, amene mankhwala ake ndi soda wosungunula m'timadzi, ndiponso kuti tochi imene ikhale miyezi osagwiritsidwa ntchito izichotsedwa batire.

Zofooka zilipo, ndipo wopita kumeneko azidziwe. Chachikulu n'chakuti alibe timphete tatsopano ta saizi ya timatochi ta AAA. M'kabokosi kawo muli timphete ta mawotchi, topyapyala kwambiri, ndi tina tochotsa m'matochi akufa, moti kanga kakanapezeka kong'ambika, akanangokachotsa. Mutu wopanda kamphete umafewadi, koma mumzinda wa mvula ngati uno, mmene chinyezi chimakhalapo ngakhale miyezi imene kwina kwauma, tochi yotero siichedwa kulowa madzi, ndipo mutu wake ukhoza kumasuka wokha n'kugwa m'njira. Ndikanakonda akanamasunga timphete timeneti, chifukwa ndi tinthu tosalemera komanso tosawonongeka msanga. Girizi wawonso ali m'kabotolo kopanda chizindikiro, kotero kuti kasitomala amangodalira mawu awo. Ine ndinamugwira ndi chala, anali woyera ngati madzi oundana ndiponso wopanda fungo la mafuta a galimoto, ndipo ndinakhutira. Malo ake ndi opanikizika, palibe pokhala, ndipo Loweruka amakhala ndi mulu wa mawotchi ofuna mabatire, choncho kupita pakati pa sabata m'mawa kuli bwino.

Papita miyezi inayi tsopano, ndipo takhala m'fumbi la Okutobala, limene ndinkaopa kuti libwezeretsa vuto lija. Mutu ukutembenukabe mofewa, kuwala sikuphethira, ndipo ndikutsatira zimene anandilangiza zoti ndizimasula mutu kamodzi pakapita miyezi ingapo, kupukuta mazinga ndi nsalu youma n'kuyang'ana batire. Mnzanga wa ku Katoto ali ndi katochi kamene kakuyamba kulimba chimodzimodzi, ndipo ndamuuza kuti asadonthezepo mafuta alionse, tipite nako kumsika Lachiwiri likudzali.