Konrad Adenauer Stiftung ku Ramallah ndi Jerusalem: mtendere alibe, koma manambala ndiye ali nawo

Malikisi kaye kwa amene ali pa changu: nyenyezi zitatu ndi theka pa zisanu. Bungwe ili ndi la ku Germany, ambiri amangoti KAS, ndipo lili mbali zonse ziwiri, ofesi ina ku Jerusalem kuyambira 1982 ina ku Ramallah, mzinda wa Apalestina ku West Bank, kuyambira 1996. Ntchito yawo amati ndi demokalase, kulemekeza malamulo komanso kuti anthu a mbali ziwirizi azikambirana. Ine ndikuwaunika ngati munthu wowerenga zimene amatulutsa basi, malipoti, kafukufuku ndi zokambirana zimene amaika pa intaneti, chifukwa nkhani ya Gaza ikangolowa pa gulupu ya WhatsApp aliyense amasanduka katswiri, wina waponya vesi wina waponya vidiyo ya nkhondo ina ya kalekale, ndiye umafuna penapake pamene pali manambala osati kupsa mtima kokhakokha.

Muyambe mwadziwa kuti eni ake ndi ndani, chifukwa pamenepa ndi pamene pagona zabwino ndi zofooka zonse. KAS ndi bungwe loyenda ndi chipani cha CDU, chipani cha Angela Merkel chija. Dzinalo ndi la Konrad Adenauer amene analamulira West Germany kuyambira 1949 mpaka 1963, ndipo ndi mkulu yemweyu amene mu 1952 anasaina pangano ku Luxembourg loti dziko lake lilipire Israel ndalama zokwana 3 biliyoni za mark, ndalama ya Germany nthawi imeneyo, chifukwa cha Ayuda amene anaphedwa nthawi ya Hitler, kenako mu 1960 nkukakumana ndi David Ben-Gurion, nduna yaikulu ya Israel nthawi imeneyo, ku New York. Ndiye ubale ndi Israel si wa dzulo ayi, unalowa m'magazi. Ku Germanyko chipani chilichonse chachikulu chili ndi bungwe lake lotere, SPD ili ndi Friedrich Ebert, a Greens ali ndi Heinrich Böll, a Die Linke ali ndi Rosa Luxemburg, ndipo ndalama zambiri zimene amayendetsera zimachokera ku misonkho ya anthu kudzera ku boma. Sali pansi pa kazembe, komanso tisanamizane kuti ndi anthu ongodzipereka a pa tchalitchi.

Tsono chimene chimandipangitsa kuwapatsa nyenyezi zambirizo ndi kafukufuku. Kwa zaka zambiri KAS ya ku Ramallah yakhala ikugwira ntchito ndi Palestinian Center for Policy and Survey Research, PSR mwachidule, imene amatsogolera Dr Khalil Shikaki. Anthu amenewa amapita khomo ndi khomo ku West Bank ndi ku Gaza kukafunsa anthu wamba maso ndi maso, mukufuna akulamulireni ndani, mayiko awiri mukuwafunabe kapena munataya mtima, boma lanu muli katangale kapena ayi, mumatha kudzudzula akuluakulu osaopa. Mafunso ake amabwerezabwereza chaka ndi chaka ndiye umatha kutsata mmene mitima ikusinthira, nkhondo ikabuka manambala akwera uku, zinthu zikazizira atsika. Analinso ndi kafukufuku wa limodzi ndi Truman Institute ya pa Hebrew University, funso limodzi kufunsa Aisraeli ndi Apalestina nthawi imodzi, ndipo zimene zimatulukamo ndi zomvetsa chisoni eti, mbali iliyonse imaganiza kuti inayo ikufuna zoipa kuposa zimene inayo yayankha yokha.

Ndipo a PSR sanyengerera munthu. Mu December 2023, nkhondo ili mkati, anapeza kuti anthu 72 pa 100 alionse amati Hamas, gulu lolamulira Gaza, inachita bwino kuukira Israel pa 7 October chaka chomwecho, nambala imene ochemerera Palestine safuna kuimva. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti pafupifupi 9 pa 10 alionse amafuna Mahmoud Abbas, pulezidenti wa boma la Apalestina, atule pansi udindo, imene ndi nambala yowawa kwa mayiko a azungu amene amadalira mkuluyu kuti ndiye wokambirana naye. Komanso munthu amene amatsogola kawirikawiri akafunsa za mpando wa pulezidenti ndi Marwan Barghouti, wa chipani chimodzi ndi Abbas, amene ali m'ndende ya Israel kuyambira 2002. Tangoganizani. Zinthu ngati zimenezi simungazipeze pa vidiyo ya mphindi imodzi ya pa TikTok.

Koma ndiye apa pomwe pali vuto lalikulu limene landichotsetsa nyenyezi. Kafukufukuyu ndi wofunika chonchi chifukwa zisankho kulibe. Abbas anasankhidwa mu January 2005 kuti alamulire zaka zinayi, mpaka pano adakali pomwepo. Aphungu anasankhidwa komaliza mu January 2006, Hamas nkutenga mipando 74 pa 132, mu 2007 Hamas ndi Fatah, chipani cha Abbas, anamenyana Gaza nkupita kwake West Bank kwake, zisankho zimene anakonza mu 2021 anaziimitsa kutatsala milungu yochepa ati chifukwa Israel sinalole kuti anthu a ku East Jerusalem avote. Ndiye bungwe likuphunzitsa achinyamata za utsogoleri ndi demokalase kwa zaka pafupifupi 30 pamalo pamene mwana wobadwa 1990 sanavoterepo pulezidenti kapena phungu. Ife a kuno timaidziwa nyimbo imeneyi, ma workshop a ku nyanja ku Mangochi aja, anthu omwewomwewo odziwa Chingerezi, chithunzi cha pagulu, lipoti lokongola, kumudzi zinthu zili chimodzimodzi. Sindikuti KAS ndi imene yaletsa zisankho, ayi ndithu, koma wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti katundu amene mwalemba pa chikwangwaniyo ali kuti.

Mbali ya malamulo ndiye ndimaipatsa ulemu ngakhale ndi yosasangalatsa kuwerenga. Akhala akugwira ntchito ndi Institute of Law ya pa Birzeit University, ndipo mukamva chisokonezo cha malamulo a kumeneko mumvetsa chifukwa chake. Pali otsala a nthawi ya ufumu wa Ottoman wa ku Turkey, a nthawi imene Britain inkalamulira derali, a Jordan ku West Bank, a nthawi ya Egypt ku Gaza, malamulo a asilikali a Israel kuyambira 1967, kenako a boma la Apalestina kuyambira 1994, onsewo kusanjikizana, ndiye mlandu wa munda umodzi loya ayambe wafufuza kuti lamulo la mfumu iti likugwira pamenepo. Ntchito yosanja zimenezi siituluka pa TV koma imathandiza munthu weniweni.

Ku Israel nako ali ndi pulogalamu pa Tel Aviv University kuyambira 2004 yoona za ubale wa Ayuda ndi Aarabu amene ndi nzika za Israel. Ambiri kuno sadziwa nkomwe kuti munthu mmodzi pa asanu alionse ku Israel ndi Mwarabu, amavota, ali ndi aphungu ku Knesset, nyumba ya malamulo ya Israel, mu 2021 chipani cha Aarabu cha Ra'am cha Mansour Abbas, osati Mahmoud uja, chinalowa mpaka mu mgwirizano wa boma. Zolemba za pulogalamu imeneyi ndi zothandiza heavy pofuna kumvetsa ndale za mkati.

Za mtendere wa pakati pa mbali ziwirizi ndiye musayembekezere zambiri aise. Boma limene limapereka ndalamazo lili ndi mbali, Merkel ananena yekha ku Knesset mu 2008 kuti chitetezo cha Israel ndi gawo la maziko a dziko la Germany, ndipo pa zida zikuluzikulu zimene Israel inagula kunja pakati pa 2019 ndi 2023 Germany inali yachiwiri kwa America. Ndiye ukamawerenga malipoti a KAS umaona kuti katangale wa ku Ramallah ndi nkhanza za Hamas amazitchula mosabisa, koma akafika pa midzi ya Aisraeli imene ikumangidwa ku West Bank ndi East Jerusalem, mmene mukukhala anthu oposa 700,000, mawu amayamba kuyenda monyang'ama. Kuzilemba amazilemba inde, koma mwaulemu wambiri. Komanso apanikizika uku ndi uku, ku Israel kuli lamulo la 2016 lokakamiza mabungwe amene ndalama zawo zoposa theka zimachokera ku maboma akunja kuti aziulula poyera, kwa Apalestina nako munthu wokhala pa tebulo limodzi ndi Mwisraeli ena amamuona ngati wogulitsa mtundu. Pa mpata wochepa choncho kukumanitsa anthu si masewera, ndiye pamenepa ndimawamvera chisoni pang'ono.

Kagwiritsidwe kake: zonse ndi zaulere pa webusaiti ya kas.de, mumangosaka ofesi ya Israel kapena ya Palestinian Territories. Zina zimakhala m'Chijeremani zina m'Chingerezi, Chiarabu kapena Chiheberi, ndiye nthawi zina mutu wakukoka koma nkhaniyo simungaiwerenge popanda kuitanthauzira pa foni. Malipoti ambiri ndi ma PDF ataliatali, pa foni yaing'ono maso amawawa, bola kudawuniloda pa bandulo ya usiku nkuwerenga mofatsa. Kafukufuku wa PSR ali pa webusaiti yawoyawo m'Chingerezi chosavuta, ndipo chidule cha pamwamba chimakwanira ngati mulibe nthawi.

Oyenera kupitako ndi ana a sukulu a political science ndi malamulo, atolankhani, abusa ndi ma shehe amene amalalikira za dera limeneli, komanso amene muli ndi m'bale mwa achinyamata aja anayamba kupita kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel mu November 2023 ndipo mukufuna kudziwa dziko limene akukhalamo. Kungoti mukawerenga lipoti la KAS mutsegulenso la Heinrich Böll kapena la Rosa Luxemburg pa nkhani yomweyo, nawonso ali ndi maofesi ku Tel Aviv ndi ku Ramallah, ndalama ndi za misonkho ya Germany yomweyo koma kalankhulidwe kake nkosiyana kwambiri.