Ka ofesi kosamutsika kogulitsiramo ma stand: zabwino zake ndi zovuta zake

Abale anga amene muli mu bizinesi ya malo kuno ku Harare, ndati ndikuuzeni za ka ofesi kosamutsika kamene kampani yathu inapangitsa kwa anyamata ena azitsulo ku Msasa. Ife timagulitsa ma stand (mapuloti omangapo nyumba) ku Ruwa, kale tinkangokhoma tenti m'mbali mwa msewu wa ku Mutare, ndiye tangoganizani munthu wabwera ndi ma USD ake amene wawavutikira zaka, angakhulupirire munthu wa pa tenti? Makamaka muno momwe ma land baron (anthu ogulitsa malo mwachinyengo) analiza anthu ambiri, nyumba mpaka kugwetsedwa ndi khonsolo. Pamenepo kanyumbaka katithandiza zedi, anthu amalowa, kukhala pansi, kufunsa za title deed mtima uli m'malo.

Kukula kwake ngati kontena ya mamita 6 koma si kontena ayi. Felemu yachitsulo, makoma a ma panel a Chromadek (malata opentedwa kale) omanga ndi mabawuti osati kuwotcherera, kutsogolo galasi lokhalokha. Apa ndi pamene ndawagomera anyamatawa, chifukwa kontena kuti isunthe pamafunika crane ndi chilole chachikulu, ndalama zambirimbiri, pomwe aka mumangomasula mabawuti n'kupakira pa lole wamba. Panel iliyonse anailemba nambala ndi penti kumbuyo kwake moti pomanganso simusokonezeka, ndipo miyendo yake ndi yopukusa, mumaikweza kapena kuitsitsa malo akakhala otsetsereka. Phase 1 (gawo loyamba la ma stand) itatha tinakasamutsira ku phase 2 tsiku lomwelo, mu Ogasiti tinapita nako ku Agricultural Show ku Exhibition Park osabwereka kanyumba koonetseramo ka munthu.

Sola ya padenga nayo ili bho, magetsi a ZESA akathima TV yoonetsa mapu ndi makina a swipe zimangogwirabe ntchito.

Koma kutentha kwake abale! Denga anaika malata a IBR opanda insulation (zotchinga kutentha), mu Okutobala dzuwa likapendeka n'kuwomba pa galasi lija mkatimo mumakhala ngati mu uvuni, kasitomala amangoimirira thukuta lili kamukamu n'kunena kuti abweranso mawa, ndipo mukudziwa kuti wa mawa sabwera. Zimandipweteka chifukwa ndi commission yanga imene ikupita pamenepo. Chinanso silicone wa m'malumikiziro amang'ambika nthawi iliyonse mukasamutsa, sanatiuze zimenezo, mvula yoyamba madzi anadontha pa tebulo la mapu. Masitepe nawonso ndi aatali, agogo ena obwera kudzaonera mwana wawo wa ku UK stand tinachita kuwagwira mkono.

Ngati mukufuna kupangitsa kanu, auzeni asanayambe kudula zitsulo kuti aike insulation kudenga, kakhonde kotchinga dzuwa kutsogolo, ndi ramp m'malo mwa masitepe. Mabawuti apadera muwapemphe alowe mu quotation yomweyo, ena amatha mano msanga.